Njinga Pabedi la a Herlinda

A Herlinda, mayi wogulitsa matamale, timikate ta ufa wa chimanga tophikidwa m'makoko, pageti la tchalitchi ku Atlixco, anabwera pa takisi kuchokera kuchipatala cha ku Puebla ali ndi chitsulo chatsopano m'chiuno, mtima uli pa chinthu chimodzi basi, kugona. Amuna awo a Nicanor, omwe anatsala pakhomo ndi ntchito imodzi yokha, yosunga bwino njinga yamoto yaing'ono yofiira imene mayiwo ankanyamulira mapoto, anawachingamira pakhomo la chipinda chapansi chipewa chili m'manja, nkhope ikuwala ngati ya mwana amene wakhoza mayeso.

"Bambo inu," anatero a Herlinda atayedzamira choyendera chawo chachitsulo, "pabedi langa pagona ndani?"

"Palibe munthu."

"Nanga chatukumuka pansi pa nsalu yanga ya ukwaticho n'chiyani? Phiri la Popo lasamukira m'nyumba muno?"

A Nicanor anapita pakhomo lakunja, anasuzumira, n'kubwerera.

"Ayi, phiri lili pomwe paja. Iyi ndi njinga."

"Njinga."

"Yanu."

"Zikomo pondiuza. Ine ndimayesa ndi ya abishopu."

"Abishopu ali ndi galimoto."

A Herlinda anatsinzina. Namwino anawauza kuti akamva kuwawa azipuma pang'onopang'ono, ndiye anapuma. Atatsegula maso njinga inali pomwepo, itaima njo pamatabwa a bedi, nsalu yoyera yamaluwa ikulendewera mbali zonse.

"Yakwera bwanji?"

"Ndinaikankha pathabwa."

"Tili ndi thabwa lotere ife?"

"Chitseko cha kuchimbudzi. Musadandaule, ndidzachibwezera njinga ikadzatsika."

"Miyezi itatu chimbudzi chili pululu!"

"Ndimaimba mluzu ndikakhalamo."

"Aaa, koma ndinakwatiwa ndi katswiri ine. Tandiuzani, akatswiri, bedi ili tinalitsitsa m'chipinda cham'mwamba chifukwa cha ndani?"

"Cha inu. Dokotala anati masitepe ayi."

"Ndiye?"

"Munati mudzagonapo mukadzabwera. Za masiku amene kulibe simunanenepo kanthu."

"Ndabwera."

"Ndaona. Takulandirani."

A Herlinda anamenyetsa choyendera pansi, ululu unawalasa kuchokera m'chiuno mpaka kuchidendene, ndipo anaima chilili kudikira kuti udutse. A Nicanor anatambasula manja ngati akufuna kuwakha mbale ikugwa, koma sanayerekeze kuwakhudza.

"Inetu ndangotsatira mawu anu," anatero bamboyo mofatsa. "Munati pakhale pouma. Munati dzuwa lisaiwombe, utoto ungasuluke. Munati matayala asakhale pasimenti yozizira. Munati pakhale poti mbava singaganizire. Ndinazungulira nyumba yonse. Pabwalo pamagwa mvula. Kukhitchini kuli moto. M'mwamba ndinayesa, inandibwerera pa sitepe yachitatu, bondo ili ndi mboni. Ndiye ndinaima apa n'kudzifunsa kuti, kodi ndi mbava yanji ingakafune njinga pabedi?"

"Palibe, chifukwa mbava zili ndi nzeru. Itsitseni."

"Ndikaiike pati?"

"Pabwalo."

"Mvula."

"Muifunditse pulasitiki."

"Munati pulasitiki imachita thukuta, thukuta limabala dzimbiri. Munandilozanso chala ponena zimenezo."

"Ndipo ndinanena zoona."

"Ndiye pulasitiki ayi."

"Pulasitiki ayi."

"Ndiye pabwalo ayi."

A Herlinda anatembenukira kunjinga.

"Mwina mawu aja mwawabweza?" anafunsa a Nicanor. "Ngati mwawabweza ingonenani, ine ndiitsitsa pompano."

"Ine kubweza mawu? Chikwatiwireni munandimvapo ndikubweza mawu? Malangizo anga analibe vuto. Vuto ndi mutu umene anagweramo."

"Chabwino. Ndiye ikhala."

"Sindinati ikhale!"

"Ndiye itsike."

"Itsike, koma isakhale pachinyezi, padzuwa, kapena pasimenti."

A Nicanor anakanda m'mutu, anayang'ana denga, anayang'ana pansi, kenako anayang'ana bedi.

"Mayi, malo amenewo ndi omwe ilipo."

A Herlinda anafuna pokhala. Mipando yonse ya m'nyumbamo inali yaifupi, yoletsedwa ndi dokotala, ndiye anadzikoka pang'onopang'ono n'kukhala m'mphepete mwa bedi, phewa likugunda tayala lakumbuyo. Matabwa anali gwa.

"Matiresi ali kuti?"

A Nicanor analoza zenera. Matiresi anali ataimikidwa pamenepo, atachirikizidwa ndi tsache.

"Katani ija ndi yopyapyala. Dzuwa lamasana limalowa."

"Ehe. Njinga isapse ndi dzuwa, mkazi wanu agone pamatabwa ngati nyama ya pabutchala."

"Pabutchala amapachika."

"Musandipatse maganizo. Ndipatseni masokosi aja."

"Ati?"

"Oyera aja, othina, amene achipatala anati ndigule kuti magazi aziyenda bwino m'miyendo. Ndinawasiya patebulo."

A Nicanor anayamba kupotokola chipewa.

"Munati nditseke ekizozi ndi kansalu koyera bwino, makoswe angalowemo n'kumangamo chisa."

"Masokosi anga ali mu ekizozi."

"Imodzi yokha. Inayo ili kobowo kolowera mpweya. Anakwana ndendende, mungati anasokera dala."

"Ndiye magazi akaundana m'mwendo mwanga ndifere pano, bola makoswe asowe pogona."

"Makoswe sanasowe pogona ayi. Asamukira m'thumba la ufa."

"Mayi Maria, ndigwireni dzanja! Nanga batire? Mwaliika mu uvuni?"

"Aaa, ine si mwana. Munati ndilichotse, ndilisunge pofunda, ndizilisamala ngati khanda."

"Ndiye lili kuti?"

"M'mwamba, pamphasa. Limagona mbali yanu."

A Herlinda anawayang'ana amuna awo kuyambira kunsapato mpaka kudazi.

"Limachita mkonono?"

"Ayi. Ndi lachete kwambiri." Anaganiza pang'ono. "Usiku woyamba ndinasowa nazo tulo."

Mayiwo sanafune kufunsa tanthauzo la mawu amenewo. Anatembenuza nkhope, ndipo ndi pamene maso awo, atazolowera mdima wa m'chipindamo, anayamba kuona zina. M'makona monse munali maluwa oyera, ena m'zidebe, ena m'mabotolo. Patebulo panali mulu wa mabanzi a shuga, mapaketi a khofi, ndi makandulo osayatsa. Mtima wawo unafewa pang'ono.

"Onsewa ndi a ine?"

"Anu. Anthu akhala akubwera."

"Mwaona? Ena amadziwa kufunika kwanga." Anakonza tsitsi ndi dzanja. Kenako anaweramira pansi. "Nanga mtanda wa njereza uwu pansi pa bedi wajambula ndani?"

"A Casilda."

A Herlinda anauma. A Casilda ankagulitsa matamale tsidya lina la msewu, moyang'anana ndi geti la tchalitchi, ndipo kuyambira ali atsikana ankauza aliyense wofuna kumva kuti matamale a Herlinda ndi ouma ngati njerwa.

"Casilda analowa m'nyumba mwanga?"

"Ndi amayi a m'bungwe la kolona. Amabwera madzulo alionse kudzapemphera. Mtandawo ndinawalola chifukwa njereza imathamangitsa nyerere, imayamwanso chinyezi."

"Nicanor. Mtanda wa njereza amajambula pamene pagona maliro."

"Ndinadabwa nanenso. Koma mwambo umasintha."

"Anavala zotani?"

"Zakuda."

"Onse?"

"Kunkazizira."

"Khalani pansi. Ayi, imani, ndizikuonani bwino. Yambirani pachiyambi. Munawauza chiyani anthu?"

"Zoona zokhazokha. Munati ndidzaze thanki mpaka pakamwa kuti m'kati musachite dzimbiri. Ine kuyendetsa sinditha, mukudziwa. Ndiye ndinaikankha mpaka komwetsera mafuta."

"Munadzera kuti?"

"Pamsika. Ndi pachidule."

"Tsiku la msika?"

"Ndi lomwe linali tsikulo."

"Ndiye tauni yonse inakuonani mukukankha njinga yanga, imene palibe munthu anaigwirapo chiigulireni, nkhope muli ndwii."

"Inali yolemera."

"Anakufunsani chiyani?"

"A Casilda anati, kodi a Herlinda ali kuti? Ndinati, andisiya."

"Mwati chiyani?"

"Andisiya. Simunandisiye? Munakwera takisi ndi mng'ono wanu, ine munandisiya pageti."

"Pitirizani, ndikumva kukoma."

"Anagwira pakamwa n'kufunsa kuti, liti? Ndinati, Lolemba m'mamawa. Anati, anavutika? Ndinati, eee, akhala akuvutika nthawi yaitali, koma adokotala anditsimikizira kuti ululu uja sadzaumvanso."

"Ayi ndithu, munawatonthoza bwino."

"Anafunsanso ngati munasiya mawu. Ndinati, anasiya: njinga osabwereka munthu."

"Ndipo pamenepo simunaone chachilendo?"

"Analira. Ndinangoti amakukondani mobisa. Womwetsa mafuta anakana ndalama, anandikumbatira. Ndinati anthu a m'tauni muno asintha."

A Herlinda anagwira chipumi. Kenako analoza chimulu cha pabedi.

"Ndiye anabwera kuno n'kupeza ichi."

"Anaima pakhomopo. A Casilda ananong'ona kuti, ndi pamenepo? Ndinati, ndi pamenepo."

"Sanavundukule?"

"Anapempha. Ndinakana. Munati munthu aliyense asakhudze, ngakhale kungosuzumira."

"Koma abale, ichi chikufanana ndi ine? Kutalika konseku?"

"Magalasi ndinachotsa, angasweke. A Casilda anayang'anitsitsa n'kunena kuti mwaumira chokhala, manja ali kutsogolo. Amayi ena anati n'zosadabwitsa, munthu amapita mmene ankakhalira. Ine ndinayesa akunena za kuuma kwa chiuno, ndinavomera."

"Munavomera."

"Anafunsanso za fungo. Ndinati ndi mankhwala amene ndathiramo kuti zam'kati zisawonongeke, amagwira ntchito mpaka miyezi itatu."

"Mankhwala a petulo aja."

"Omwewo. Anati, miyezi itatu? Simupita nawo kumanda? Ndinati, kumanda kukatani, kuli chinyezi kumene kuja. Pakhala pompano, ine ndizingotembenuza pang'ono sabata iliyonse kuti pansi pasaphwe."

"Matayala."

"Nanga chiyani china? Amayi awiri anatuluka panja kukapuma mpweya. Atabwerera anafuna kuyatsa makandulo, ndinawalanda machesi. Ndinati, mukayatsa moto muno tiphulika tonse, ndadzaza mpaka pakamwa."

A Herlinda anayesa kuseka, koma zinatuluka ngati kubuula, ndipo ulusi wa pabala unawakumbutsa kuti ulipo.

"Nanga abambo mfumu? Nawonso palibe chimene anafunsa?"

"Anali kuulendo. Abwera mawa kudzawaza madzi odalitsa. Ndawatumizira kale uthenga kuti pemphero lokha likwana, madzi ayi. Dzimbiri."

"Nicanor, tandiyang'anani. Anthu ovala zakuda akubwera m'nyumba mwanu madzulo alionse, akugwada mozungulira bedi, akulira, akutchula dzina langa. Inu mumati akutani?"

"Akupempherera opaleshoni."

"Palibe anatchulapo maliro?"

"Mawu amenewo palibe anawatchula. Amangoti pepani. Ine ndimati zikomo."

"N'kumadya mabanzi."

"Munandisiyira nyemba za masiku awiri."

"Ndipo iwo akamalira inu mumatani? Mumapukuta matayala?"

A Nicanor anayang'ana m'chipewa.

"Ndimalira nawo."

"Mumalira chiyani, poti mumadziwa kuti ndili moyo?"

"Sindimadziwa. Munati ndisabwere kuchipatala, ndingakusokonezeni. Munati ndisaimbe foni, mukafa andiuza. Ndiye anthu aja atafika atavala zakuda ndinaganiza kuti mwina kundiuza kwake n'kumeneku. Ndinadikira kuti wina anene. Palibe ananena. Ndiye ndimangodikira, tsiku lililonse, mpaka ndinamva takisi ija."

A Herlinda anakumbukira mmene analankhulira mawu aja, akumanga chikwama, ali ndi mantha moti akanapanda kukalipa akanalira. Anayang'ana malaya a amuna awo, mabatani atamangidwa mophonya bowo limodzi. Anakhosomola.

"Mangani bwino malayawo. Mukuoneka ngati wamasiye."

"Anthu akhala akunena zomwezo."

"Basi, zatha. Mawa m'mawa mupite kumsika mukawauze kuti ndili moyo, ndipo ndikachira ndibwerera pamalo anga."

"Pageti?"

"Ayi, pamwezi. Pageti, nanga pati!"

"Pamenepo pali a Casilda."

Choyendera chinagwa pansi n'kulira ngati belu.

"Mwati?"

"Anandifunsa kuti, malo aja pageti agwiritsa ntchito ndani tsopano? Ndinati, pakadali pano palibe, eni ake sangathe kuimirira. M'mawa mwake anasamutsa tebulo. Ati akuchita zimenezi pokukumbukirani."

"Pondikumbukira!"

"Aika ndi chithunzi chanu pambali pa poto. Chili bwino, munali musananenepe."

"Makasitomala anga?"

"Akugula. Ena akulira, koma akugula."

A Herlinda anagwira nsalu ya ukwati n'kuikoka mpaka chiwongolero chinaonekera.

"Tsitsani batire. Zulani masokosi. Bweretsani chitseko chija. Ndikupita kumeneko pompano."

"Pa njinga?"

"Ayi, pa ngamila. Fulumirani!"

"Dokotala anati miyezi itatu."

"Dokotala sagulitsa matamale. Ndikakhala chammbali, mwendo uwu ndiutambasula. Ndikungofuna ndikaime patsogolo pa tebulo lake ndiimbe huta kamodzi, ndione ngati sagwera m'poto."

"Sizitheka."

"Mukundikaniza? Inu?"

"Si ine. Ndi inu. Munandigwira dzanja pageti lathu lija n'kunena kuti, Nicanor, ndimadzidziwa. Ndikadzabwera ndidzafuna kukwera nthawi isanakwane. Ngakhale ndikalipe, ngakhale ndilire, musadzandipatse kiyi."

"Amene ananena zimenezo anali munthu wodwala."

"Ndiye mawu amenewo mwawabweza?"

"Sindinabweze! Ndikungowonjezera ena pamwamba. Kiyi."

"Ndimvere ati, akale kapena atsopano?"

"Onse!"

A Nicanor anatulutsa dzanja m'thumba, analitambasula, kenako analibweza. Anachita zimenezi kawiri. M'dzanjamo munalibe kanthu.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikumvera onse."

"Kiyi ili kuti, bambo inu?"

"Ndinaibisa."

"Kuti?"

"Munati ndiibise poti ngakhale ineyo sindingaipeze, chifukwa mukandiopseza ndidzaulula."

"Ndiye?"

"Ntchito imeneyo ndinaigwira bwino kwambiri."

"Mwaitaya."

"Kutaya ayi. Ili m'nyumba muno. Ndinatsinzina, ndinazungulirazungulira mpaka chizungulire, n'kuiponya. Ndinamva ikugwa chifukwa ndinatseka makutu mochedwa, ndiye ndinaitola n'kubwereza. Ulendo wachiwiri sindinamve kanthu."

A Herlinda anayang'ana kumwamba, milomo ikuyenda. Sizinadziwike ngati ankapemphera kapena ankatchula mayina a anyamata ena amene anawafunsira kale iwo n'kuwakana.

"Chabwino," anatero potsiriza, mawu ali ozizira. "Mundikankha."

"Pa njinga?"

"Munaikankha yokha mpaka komwetsera mafuta. Muikankhanso ine ndili pamwamba. Tidzere pamsika pomwepo, aliyense aone."

"Matayala ndawapopa mopitirira, monga munanenera. Idumphadumpha pamiyala."

"Idumphe."

"Ulusi uduka."

"Uduke. Ndikasokedwanso, koma Casilda achoke pageti langa lero, dzuwa lisanalowe. Ndikufuna tauni yonse idziwe kuti Herlinda ali moyo, akupuma, ndipo akuona zonse!"

A Nicanor anaika chipewa pamutu, anapita kukhonde, ndipo kunamveka kukwekwereza kwa chitseko cha kuchimbudzi. Asanafike nacho, geti lakunja linalira. Kunamveka nsapato zambiri pabwalo, ndi mawu a amayi akuyamba nyimbo yapansipansi. Fungo la nkhuku yophikidwa mu msuzi wa tsabola ndi chokoleti linalowa m'chipindamo lisanalowe china chilichonse, ndipo m'mimba mwa a Herlinda, mmene munangodutsa msuzi wamadzimadzi wa kuchipatala, munalira.

"Afika," ananong'ona a Nicanor atakumbatira chitseko. "Lero afulumira. Zakhala bwino, simuvutikanso kupita kumsika. Ndikawauze?"

"Kawauzeni. Ayi, ndiwauza ndekha. Ndipatseni choyenderacho. Ndikufuna ndimuone nkhope."

Anagwira choyendera, anakoka mpweya kuti adzuke. Pomwepo nyimbo inaduka, ndipo pabwalo panamveka mawu amodzi okha, okweza, osweka ndi misozi. Anali a Casilda.

"Amayi inu, ine ndisanalowe muno lero ndiyambe ndalankhula, chifukwa sindikugona. Ndakhala ndikunama. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunama! Matamale a Herlinda sanali ouma ayi."

A Herlinda anaima theka, matako ali m'malere.

"Ndinkatuma mlamu wanga kukagula mobisa, n'kumakadyera kuseri kwa nyumba. Ndayesa mafuta onse, ndayesa ufa wa kwa aliyense, sindinafikepo. Dzanja lija linali lodalitsika. Ndaima pageti paja masiku onsewa, anthu akaluma kamodzi amandiyang'ana, ndipo ndimadziwa chimene akuganiza."

Amayi ena anayamba kusisima. A Herlinda anabwerera pansi pang'onopang'ono, osachita phokoso.

"Si zokhazo ayi," anapitiriza a Casilda, akumina. "Pali zambiri. Mundilole ndizinene zonse pamaso pake, mwina andikhululukira kumene aliko."

A Nicanor anatsamiritsa chitseko kukhoma, anakonza kolala, n'kuyamba kulowera pabwalo.

"Mukupita kuti?" ananong'ona a Herlinda.

"Kukawauza kuti muli moyo."

"Bwererani kuno. Nyamulani mwendo uwu. Pang'onopang'ono! Winawu. Kankhirani pilo apa."

"Mukugona? Pambali pa njinga?"

"Malo alipo. Kokani nsaluyo."

"Koma mwangonena kumene kuti tauni yonse idziwe lero, dzuwa lisanalowe."

"Dzuwa likadalipo."

"Ndiye mawu aja mwawabweza?"

A Herlinda anapinda manja pachifuwa, anatsinzina, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni kuchipatala nkhope yawo inaoneka ya munthu amene sakumva kuwawa paliponse.

"Ndifunditseni mpaka kumutu, mukatsegule chitseko chakunja, ndipo mutseke pakamwa panupo. Maliro ndi anga awa. Ndidzuka akamaliza."